Mawu oti "malonda" m'Chigwa cha Shire: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwerabwera kuchokera kwa ana asukulu, aphunzitsi a Chichewa, alembi a makalabu a alimi ndi anthu a geni a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Tayambira pa tanthauzo la mawu, tadzera m'mbiri ya chigwachi, n'kukafika pa sikelo ndi pa chitini.

Kodi malonda ndi katundu wogulitsa kapena ndi ntchito yogulitsayo?

Ndi zonse ziwiri, ndipo pali tanthauzo linanso lachitatu.

Mayi akayala mphasa pa msika wa Nchalo n'kuunjika mbatata m'milu, mbatatayo ndi malonda ake. N'chifukwa chake timamva kuti "musandipondere malonda," "malonda anga anyowa," kapena "malonda agona," kutanthauza kuti dzuwa lalowa katundu asanathe. Apa mawuwa akuloza chinthu chogwirika ndi manja.

Tikati "bambo aja amachita malonda a nsomba," tikunena ntchito yawo. Tikati "malonda sakuyenda mwezi uno," sitikunena nsomba ayi, koma kugula ndi kugulitsa.

Lachitatu ndi mgwirizano wa anthu awiri pa chinthu chimodzi. Wogula ng'ombe akati "malonda atheka" kapena "malonda alephereka," akunena za kukambirana kwawo. Matanthauzo atatuwa sasokonezana, pakuti mneni wotsatira ndiye amaulula: malonda amene amanyowa ndi katundu, amene amayenda ndi ntchito, amene amatheka ndi mgwirizano.

Kodi pali mawu a chinthu chimodzi? Kapena "mlonda" ndiye mmodzi wa malonda?

Ayi. Mlonda ndi munthu wolondera, ndipo akachuluka ndi alonda. Chilonda ndi bala, zikachuluka ndi zilonda. Malonda ali m'gulu la mayina oyamba ndi ma-, ndipo amayenda ngati madzi, mafuta kapena maliro: sasintha, kaya chinthucho ndi chimodzi kaya ndi mulu. Timati malonda anga, malonda awa, malonda abwino. Wogulitsa nkhuku imodzi yokha amanenabe kuti "ndili ndi malonda." Pofuna kuloza chimodzi timati "nkhuku ya malonda," "njinga ya malonda," "bwato la malonda."

Nanga malonda ndi katundu zimasiyana pati?

Katundu ndi chonyamula kapena chokhala nacho. Malonda ndi chimene mwini wake wavomera kuti chichoke m'manja mwake pa mtengo. Thumba la mapira lomwe lili pa njinga kupita kwa apongozi ndi katundu. Thumba lomwelo likatsitsidwa pa msika wa Ngabu, kukamwa kwake n'kumasulidwa kuti odutsa aone, lasanduka malonda.

Tsono chinthu sichibadwa chili malonda. Chimene chimachisandutsa ndi kutsatsa. Ichi ndicho chifukwa chake munthu waulemu safulumira kufunsa mtengo akaona mbuzi pakhomo pa mnzake. Amayamba wafunsa: "Mayi, kodi mbuziyi ndi ya malonda?" Akayankhidwa kuti "Iyayi bambo, ndi yoweta," nkhani yathera pomwepo, ndipo kukakamira kutchula ndalama ndi mwano.

Olemba zikalata za makalabu azisamala pano. "Katundu wa kalabu" akuphatikiza sikelo, malona ndi mabenchi. "Malonda a kalabu" ndi zokolola zogulitsa zokha. Kusokoneza mawu awiriwa m'malamulo a gulu kumabala mikangano tsiku logawana phindu.

Geni, bizinesi, kuoda, kupikula: kodi zonsezi ndi malonda?

Inde, koma lililonse lili ndi malo ake. Geni ndi malonda a mpamba wochepa, ogula pano n'kugulitsa apo, monga tomato, makala, zitumbuwa kapena usipa wochokera kunyanja. Bizinesi imamveka yokhazikika, yokhala ndi malo ndi chiphaso. Kuoda kapena kupikula ndi kugula zambiri pamtengo wotsika kuti ukagulitse pang'onopang'ono. Mavenda ndi ogula kapena ogulitsa oyendayenda, ndipo kumidzi ya m'chigwa dzinali limaloza makamaka anthu obwera ndi sikelo nthawi yokolola. Okala, golosale ndi sitolo ndi malo.

Ambiri mwa mawu amenewa ndi obwereka ndipo ndi aposachedwa. Onse amakwana m'kati mwa mawu oti malonda, koma palibe limodzi lomwe lingalowe m'malo mwake ponseponse. Simungati "geni yatheka" pogula ng'ombe.

Kodi mawuwa anabwera ndi azungu kapena amwenye a masitolo?

Ayi, anawapeza. M'chaka cha 1858, sitima ya David Livingstone ikulowa mu Zambezi kuchokera kunyanja yamchere, anthu ankathamanga m'mbali mwa mtsinje atanyamula nkhuku ndi madengu a mpunga ndi ufa, akufuula kuti "Malonda, malonda!" Livingstone analemba mawuwo monga anawamvera, n'kufotokoza kuti amatanthauza zinthu zogulitsa. Chaka chotsatira, 1859, ndi pomwe anakwera mtsinje wa Shire. Choncho tanthauzo loyamba lija, la katundu wotsatsidwa, linalipo kale sitolo ya mzungu isanamangidwe m'dziko muno.

Mawuwa sali m'Chichewa ndi Chimang'anja mokha. Asena amati malonda, Ayao ndi Atumbuka chimodzimodzi. Ndi mawu amene anthu a zilankhulo zosiyana ankamvana nawo pa doko ndi panjira. Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, anawapeza okhazikika kale, ndipo pa Yohane 2:16 analemba za "nyumba ya malonda."

Kalelo, malonda a m'chigwa muno anali chiyani?

Choyamba ndi nsalu. Amang'anja ankalima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zolimba zotchedwa machira. Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete ankazifuna kwambiri, ndipo zikalata zawo za zaka za m'ma 1600 zimazitchula ngati katundu wogulira zinthu zina m'madera a Zambezi. Livingstone anapeza mitundu ya thonje yomwe anthu ankaisiyanitsa ndi mayina: thonje manga, lochokera kunja, ndi thonje kaja, lakwawo, la ulusi waufupi wogwira njere mwamphamvu. Kupota ndi kuomba inali makamaka ntchito ya abambo, ndipo inali yodya nthawi: kuchotsa njere ndi manja, kupota ulusi pang'onopang'ono, kenaka kuomba pansi pamtengo.

Chachiwiri ndi mchere, ndipo uwu unali m'manja mwa amayi. Madzi akaphwa, malo ena a m'chigwa amatuluka dothi loyererako pamwamba. Ankapala dothilo, kuliika mumphika woboola pansi woyalidwa udzu, kuthira madzi, n'kutchera madzi odontha mumphika wina monga timachezera chidulo. Madziwo ankawaphika mpaka aphwe, mchere n'kutsala. Ukapala mozama umatenga dothi lopanda mchere n'kuwononga nkhuni pachabe. Moto ukachuluka kumapeto, mchere umapserera n'kuda. Anthu akumapiri analibe mchere wotere, choncho ankatsika nawo makasu, nkhwangwa ndi mipeni yosulidwa kwawo, n'kukwera ndi mchere, nsomba zouma ndi nsalu.

Panalinso nsomba za m'madambo, miphika, mphasa, mabwato ndi minyanga ya njovu. Minyanga sinali malonda a munthu wamba, inkadzera kwa mafumu. Dambo lalikulu la pakati pa Chikwawa ndi Chiromo linapatsidwa dzina loti Elephant Marsh chifukwa cha njovu mazanamazana zomwe Livingstone anaziona mmenemo, ndipo malonda a minyanga ndi mfuti ndiwo anazitha.

Katundu wochokera kunyanja yamchere ankabwera ndi mayina ake. Nsapato, kalata, mbatata ndi kachasu ndi mawu ochokera ku Chipwitikizi, ndipo njira yawo yaikulu inali ya Zambezi ndi Shire yomweyi.

Popeza kunalibe ndalama, ankadziwa bwanji mtengo?

Ankasinthana, koma osati mwachisawawa. Panali zinthu zomwe aliyense ankazilandira podziwa kuti akazigwiritsanso ntchito pogula china: nsalu, mikanda, makasu ndi mchere. Zimenezi pamodzi ndi ziweto ndizo zinali chuma.

Nsalu inkayezedwa ndi thupi la munthu. Mkono ndi kuchokera pa chigongono mpaka kunsonga ya chala chapakati. Mkwamba ndi kutambasula manja onse awiri, kuchokera kunsonga ya dzanja ili mpaka ya linalo, ndipo umakwana ngati mikono inayi. Poti anthu satalika mofanana, funso loti ayeze ndani linali mbali ya kukambirana. Wogulitsa nkhuku ankafuna kuti nsalu iyezedwe ndi munthu wamtali, mwini nsalu ankafuna wamfupi. Ufa ndi mbewu zinkayezedwa m'nsengwa ndi m'madengu, onse awiri akuona.

Mfundo imeneyi isungeni, pakuti ibweranso pa funso la thonje ndi la sikelo. Nthawi imeneyo muyeso unali poyera, ndipo wogula ndi wogulitsa onse ankatha kuutsutsa.

Kodi n'koyenera kunena kuti "malonda a akapolo"? Munthu angakhale malonda?

Mawuwa ndi olondola pofotokoza mbiri, ndipo kuwawa kwake kuli pomwepo: anthu anaikidwa mtengo ngati mbuzi. Chigwa chino chinaona zimenezi pafupi. Chakumwera, cha ku phiri la Morrumbala, kunali linga la Paul Mariano, yemwe ankatchedwa Matekenya, ndipo ankhondo ake ankagwira anthu m'midzi ya m'mbali mwa Shire. Kumtunda nako kunali nkhondo zogwira anthu. Chilala cha 1862 ndi 1863 chinapeza anthu atathawa kale minda yawo, ndipo njala inapha ochuluka zedi. Pambuyo pake Amagololo omwe anabwera ndi Livingstone, monga Kasisi, Chiputula, Katunga ndi Maseya, anakhazikika cha ku Chikwawa n'kugwira madoko ndi malonda a pamtsinje.

Lero timati "kugulitsa anthu" kapena "kuzembetsa anthu," ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2015 loletsa mchitidwewu. Polemba za anthu amene anagwidwawo, ndi bwino kunena kuti "anthu ogwidwa ukapolo," osawatchula iwowo kuti malonda. Dzinalo lisiyireni mchitidwewo.

Sitima zapamadzi ndi njanji zinasintha chiyani?

Zinasandutsa chigwa kukhala khomo la dziko lonse. Kampani ya African Lakes, yomwe inayamba mu 1878 ndipo anthu ankaitcha Mandala, inkayendetsa sitima pa Shire. Katundu ankatsitsidwa kwa Katunga, popeza kumtunda kwake kuli mathithi, ndipo amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera phiri mpaka ku Blantyre, mtolo umodzi wolemera makilogalamu pafupifupi 25. Chiromo ndi Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, anakula ngati madoko okhala ndi masitolo. Madzi a Shire atayamba kuchepa moti sitima zinkatitimira mumchenga, anamanga njanji, ndipo ya Port Herald mpaka Blantyre inatha mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, n'kulumikiza njanjiyo ndi doko la Beira.

Pa mawu athu panasintha ziwiri. Nsalu za kufakitale ndi mchere wa m'matumba zinafooketsa machira ndi mchere wophika, moti anthu omwe kale ankagulitsa zopanga okha anayamba kugulitsa zolima, zosakonza. Kenaka msonkho wa nyumba, womwe unayamba m'zaka za m'ma 1890, unkafuna ndalama. Munthu amene kale ankatsatsa akafuna, tsopano ankagulitsa chifukwa msonkho wamupana. Amwenye anatsegula masitolo m'madoko ndi m'masiteshoni, ndipo anakhalamo mpaka m'zaka za m'ma 1970, pomwe boma linawalamula kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha.

Njanjiyo inaduka mu 1997 madzi atakokolola malo a pakati pa Bangula ndi Makhanga, omwe anthu amawatcha Mtayamoyo. Doko la Nsanje linatsegulidwa mu 2010 koma sitima za katundu sizinayambe kufikapo. Malonda a m'chigwa lero amayenda pamsewu wa M1, kudzera pa Thabwa kukwera ku Blantyre, komanso pa chipata cha Marka kulowa ku Mozambique.

N'chifukwa chiyani alimi akati "msika watsegulidwa" nthawi zambiri amanena za thonje?

Chifukwa kwa zaka zambiri thonje ndilo linali malonda aakulu a mlimi wa kuno, ndipo msika wake unali ndi tsiku lotsegulira ndi lotsekera loikidwa ndi boma. Bungwe la British Cotton Growing Association, lomwe linakhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, linapatsidwa mphamvu m'zaka za m'ma 1920 zogula thonje la alimi pamtengo wogwirizana ndi boma. Nthawi imeneyo dera la Port Herald ndilo linkatsogola. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a Shire anakwera n'kumiza minda yambiri ya kudimba, ndipo ulimi wa thonje unasamukira kumphala, makamaka pa dothi lakuda la makande cha ku Ngabu. Pambuyo pake ogula anali Farmers Marketing Board kuyambira 1962, kenaka ADMARC kuyambira 1971, chaka chomwenso kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni.

Apa ndi pomwe tanthauzo lachitatu la malonda, lija la mgwirizano, linafota. Pa msika wa thonje panalibe kunenerera. Wogula anali mmodzi, sikelo inali yake, giredi ankatchula ndi kalaliki wake, mtengo unkachokera kutali. Mlimi ankabweretsa malonda koma sankachita malonda. Ife tikuona kuti kusakhulupirira sikelo komwe kuli m'midzi mpaka lero kunayambira pamenepa, ndipo si kopanda chifukwa.

Kuyambira 1987 amalonda oima paokha analoledwa kugula mbewu zina za alimi. Thonje lili ndi lamulo lake la 2013, lomwe linakhazikitsa Cotton Council of Malawi, ndipo ogula amayenera kukhala ndi chiphaso. Nzimbe nazo, kuchokera pomwe fakitale ya shuga ya Nchalo inayamba m'zaka za m'ma 1960, zili ndi wogula mmodzi, ndipo alimi a Kasinthula ndi Phata amagulitsa monga gulu, pa mgwirizano wolembedwa.

Kodi zokolola zimakhala "zoyenera malonda" zikafika pati?

Zikafika poti wogula sapeza chifukwa chotsitsira mtengo. Chilichonse chili ndi pake.

Thonje litoleni mame atauma. Lonyowa limatentha m'thumba n'kusanduka lachikasu. Tolerani m'matumba ansalu, osati a pulasitiki a fetereza, chifukwa timaulusi ta pulasitiki tikalowa m'thonje sitichoka pamakina ndipo sitigwira utoto pansalu. Sankhani potola pomwepo: loyera m'thumba lake, lothimbirira kapena lodyedwa ndi mbozi m'thumba lina. Dzanja limodzi la thonje loipa limatsitsa thumba lonse kuchoka pa giredi A kupita pa B. Kuthira madzi kapena mchenga kuti lilemere ndi kudziwotcha nokha, pakuti ogula akazindikira amatsitsa mtengo wa dera lonse. Mukatha kukolola zulani mitengo ya thonje n'kuitentha, kuti mbozi zisagonere chaka chamawa.

Chitowe chimwetedwe makoko apansi akayamba chikasu, asanasweke. Mangani timitolo, tiimikeni mitu ili m'mwamba mpaka tiume, kenaka tembenuzani n'kugwedezera palona. Kugwedezera padothi ndiko kumabweretsa mchenga, ndipo mchenga m'chitowe ndiwo dandaulo loyamba la ogula.

Chimanga, mapira ndi mchewere ziume mpaka chinyontho chitsike kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo. Popanda makina, ikani njere zodzaza dzanja m'botolo louma lagalasi pamodzi ndi supuni ziwiri za mchere wouma, tsekani, khutchumulani, n'kudikira kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, mbewuyo sinaume. Chimanga cha kudimba chokololedwa mvula ili pafupi ndicho chimavuta kwambiri pa ichi.

Mlamba wowamba uume mpaka m'kati. Wouma kunja kokha umanyenga maso pa doko, koma pofika ku Limbe wayamba fungo ndi mphutsi cha kumutu. Upindeni pang'ono ndi kununkhiza m'makha musanaoode. Popakira musapanikize, chifukwa nsomba yofumbutuka imagulitsidwa ngati zinyenyeswa.

Chitini, mbale, mulu, sikelo: muyeso wabwino ndi uti?

Wabwino ndi umene nonse awiri mungautsimikize. Mulu ndi mbale ndi zabwino pa zinthu zochepa, poti maso amaona. Pa mbewu zambiri, sikelo yoona imaposa chitini.

Chitini kapena ndowa ya malita 20 ikadzaza chimanga mosefukira, zitatu zimakwana thumba la makilogalamu 50. Vuto ndi loti ndowa sizifanana. Ya pulasitiki amaifewetsa ndi madzi otentha n'kuifutukula kuti ikule, yachitsulo amaikhoma pansi kuti itulukire kunja pogula, kapena kulowa m'kati pogulitsa. Palinso nkhani ya kusefukira: wogula amaunjika mpaka njere zigwe, n'kutenganso zogwazo. Pa ndowa iliyonse mlimi angataye kilogalamu imodzi kapena ziwiri, ndipo pa ngolo yonse ndi thumba lathunthu. Gwirizanani musanayambe ngati muyeza mosefukira kapena mopala, ndipo ngati n'kotheka yezerani ndowa yanu.

Sikelo yamalonda imayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards ndipo imakhala ndi chizindikiro chawo. Onani kuti muvi uli pa 0 musanakoloweke thumba. Nyamulani choyesera chanu: paketi ya shuga yosatsegula ya kilogalamu imodzi, kapena chigubu chokhala ndi malita 5 a madzi, chomwe chiyenera kuonetsa makilogalamu 5 ndi pang'ono pa chigubucho. Imani kumene mukuona manambala, ndipo bondo kapena phazi la woyeza lisakhudze thumba. Thumba la pulasitiki lopanda kanthu silifika ngakhale theka la kilogalamu, choncho wochotsera kilogalamu yathunthu "ya thumba" akukuberani. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira ya mbewu chaka chilichonse. Idziweni musanapite kumsika, ngakhale kuti mavenda ambiri amagula pansi pake pomwe palibe wowaona.

Kodi kunenerera ndi mwano? Nanga banyira ndi ufulu wa wogula?

Kunenerera si mwano pa malonda a pamsika, ndi njira yake. Wogula amati, "Mayi, tandichotseraniko, ndatsala ndi yokwerera." Wogulitsa amayankha, "Achimwene, pamenepo ndiye mwandipha, onjezaniko pang'ono." Mwano ndi kunyoza katundu kuti mtengo utsike, kapena kunenerera mpaka mwini avomere kenaka n'kuchoka osagula. Mu golosale, pa mankhwala ndi pa zinthu za mtengo wolembedwa sanenerera.

Banyira, ena amati basela, ndi mphatso ya wogulitsa malonda atatheka. Mungaipemphe, simungailamule. Wopempha banyira wamkulu kuposa mulu umene wagula sakudziwa kuti phindu la mayi wa tomato nthawi zina limakhala tomato awiri omwewo.

Malonda amatha ndalama ndi katundu zikasinthana manja. Wopereka chikole wagwira malo chabe, ndipo ndi bwino kunena poyera tsiku lomaliza kulipira ndi zomwe zichitike likadutsa.

Nanga ziweto zimalowa bwanji pa malonda?

Ng'ombe ndi mbuzi za m'chigwa zimadyetsa Blantyre, koma kwa eni ake ambiri ndi chuma chosunga, chogulitsa pakagwa vuto: fizi, matenda, njala kapena maliro. Ogula amadziwa zimenezi, ndipo mitengo imagwa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pomwe aliyense akugulitsa mbuzi kuti agule chimanga chomwe chakwera mtengo. Amene angathe agulitse ziweto zikadali zonenepa msipu usanathe, osadikira kuti njala imutchulire mtengo.

Pogula ng'ombe pakhale mboni, kalata ya mfumu yotsimikiza mwini wake, ndi chiphaso cha alangizi a ziweto choyendetsera chiwetocho. Popanda izi mungaimitsidwe panjira, kapena kupezeka mwagula yakuba n'kutaya zonse, ng'ombe ndi ndalama. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe njati za kumalo osungirako nyama zakutchire a Lengwe zimasunga, akabuka boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuzitulutsa m'dera. Nthawi imeneyo ng'ombe imakhala chuma koma si malonda.

Kodi pali zinthu zomwe siziyenera kukhala malonda?

Zilipo za mwambo ndi za lamulo. Mwa mwambo, mbewu yosungira kubzala, ufa wa pamaliro ndi zopereka za kukachisi wa Mbona ku Khulubvi sizitsatsidwa. Munda wa makolo si wa munthu mmodzi woti angaugulitse yekha abale ndi mfumu osadziwa, ndipo milandu yambiri ya malo m'chigwa imayamba ndi wina amene anautenga ngati malonda ake.

Mwa lamulo, nyama ya ku Lengwe, Majete ndi Mwabvi, minyanga, makala opanda chiphaso, mankhwala a m'zipatala za boma, masikito ogawidwa ulere ndi zipangizo zaulimi zotsika mtengo zomwe boma limapereka kwa alimi sizogulitsa. Chimodzimodzi thandizo la anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira, monga linabwera mu 2015, mu 2019, ndi pambuyo pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Banja lovutika likagulitsako pang'ono ufa kuti lipeze sopo ndi mchere, tonse timamvetsa. Koma wogawa akapatutsa matumba n'kukawaika pa msika, imeneyo ndi mbava, ndipo wogula akudziwa ndi mnzake.

Kodi kugulitsa mbewu ikadali m'munda, kapena kugula pafoni, ndi malonda enieni?

Akuluakulu anati malonda ndi m'maso, kutanthauza kuti usagule chimene sunachione. Njira ziwirizi zimaphwanya langizo limeneli, koma mosiyana.

Kugulitsa mbewu yosakhwima kawirikawiri ndi katapila wovala dzina la malonda. Mlimi amalandira ndalama mu Febuluwale, njala ili pakhosi, n'kulonjeza matumba a mpunga kapena chitowe pokolola, pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa nthawi yokolola. Madzi akakokolola munda, ngongole imatsala. Alimi a mpunga a ku Muona ndi ku Nkhate amaudziwa bwino msampha umenewu. Ngati palibiretu njira ina, lembani: ndalama zomwe mwalandira, chiwerengero cha matumba, kulemera kwa thumba lililonse m'makilogalamu osati "thumba" chabe, tsiku lopereka, ndi chochita mbewu ikalephera. Pakhale mboni ziwiri zosakhala abale a wogula. Banki m'khonde imabwereketsa pa chiwongoladzanja chodziwika, ndipo nthawi zambiri imapweteka pang'ono kuposa kugulitsa munda wosacha.

Kugula pafoni kuli bwino pakati pa anthu odziwana kale. Wa ku Blantyre amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, wa ku Bangula n'kukweza dengu la nsomba pa minibasi. Zimalakwika pomwe chithunzi cha pa WhatsApp chili cha nsomba zina, kapena uthenga woti ndalama zalowa uli wopeka. Wogulitsa aone yekha ndalama zotsala mu akaunti yake asanatulutse katundu, osadalira uthenga womwe wogula wamutumizira. Wogula akhale ndi munthu wake pamalopo woti aone katundu, awerenge, ndi kulemba nambala ya galimoto ndi ya foni ya kondakitala. Pa oda yoyamba ndi munthu wachilendo, lipirani theka, theka linalo katundu akafika.